Khoma la konkire la nyumba yosanja: mphamvu yake ili kunsonga

Amisiri ndi eni nyumba a kuno ku Kasungu, nyumba zosanja zachuluka ndithu m'tauni muno, pansi mashopu pamwamba malo ogona kapena maofesi. Pa mapulani ambiri injiniya amaikapo khoma la konkire lokhala ndi zitsulo mkati, ena amati shear wall, kawirikawiri pomwe pali masitepe. Khoma limeneli musaliyese ngati khoma wamba la njerwa ayi.

Ntchito yake ndi ziwiri nthawi imodzi. Limasenza kulemera kwa silabu ndi zonse zili pamwamba, komanso limalimbana ndi mphepo kapena chivomerezi zikamakankha nyumba cham'mbali, ndipo chivomerezi kwathu kuno si nkhambakamwa, Salima 1989 ndi Karonga 2009 anthu akukumbukirabe. Taganizani munthu wasenza thumba la chimanga pamutu wina n'kumukankha paphewa, mwendo umodzi umapanikizika pansi winawo umafuna kunyamuka. Khomali limateronso, nsonga zake, ndiye kuti kumapeto kwa khoma kumanzere ndi kumanja, ina ikuphwanyidwa ina ikukokedwa, ndiye konkire kupanikizidwa amapirira koma kukokedwa sachedwa kung'aluka, apa mpamene zitsulo zimagwira ntchito. Mphepo ikatembenuka nsonga zija zimasinthana, nchifukwa chake injiniya amachulutsa zitsulo zazikulu, monga ma Y16 (zitsulo zonenepa mamilimita 16), kunsonga zonse ziwiri osati imodzi.

Pamene pamandipweteka mtima ndi pa maring'i, tizitsulo topinda tozungulira zitsulo zazikulu zija. Munthu amaona kuti zitsulo zakwera mtengo basi n'kutalikitsa maring'i akunsonga, pomwe pulani yati masentimita 15 iye waika 30. Maring'i aja ndi amene amamanga zitsulo zoimirira kuti zikapanikizika zisapindikire kunja n'kusuzula konkire, mukawatalikitsa khoma looneka bwinobwino lija limayambira pansi penipeni kugumuka, chifukwa kupindika kwakukulu kumakhala pamene khoma lakumana ndi fawundeshoni.

Pomwepo onetsetsani kuti zitsulo zotuluka mu fawundeshoni, zomwe amati ma starter bar, zalowa mozama ndipo zalumikizana mokwanira ndi zitsulo zapamwamba. Kawirikawiri kutalika kwa polumikiza kumakhala kunenepa kwa chitsulo kuchulukitsa ka 40 mpaka 50, ndiye pa Y16 ndi masentimita 64 mpaka 80, osati kungokhudzitsa n'kumanga waya.

Zitsulo zikhale mizere iwiri ngati pulani yatero, zoimirira ndi zopingasa, ikani timiyala ta simenti pakati pa chitsulo ndi shatala (matabwa othiramo konkire) kuti konkire akute chitsulo ndi masentimita osachepera 2.5, apo ayi dzimbiri lilowa. Pothira gwiritsani vayibuleta (makina ogwedeza konkire kuti alowe paliponse), makamaka kunsonga kuja kothinana zitsulo, miyala ya kwale imakonda kukakamira pamenepo ndipo mukachotsa shatala mumapeza mabowo, kuwamata ndi pulasitala sikubweza mphamvu. Madzi muzithirira masiku 7 osadumphitsa, ndi dzuwa la Okutobala kuno konkire amauma asanakhwime, mphamvu yake yoyembekezeka imayezedwa pa masiku 28.

Eni nyumba inu, chonde khomali liyambire pa fawundeshoni mpaka pamwamba osadukiza. Musaligumule pansi ati shopu ikule, musaboolenso chitseko kapena windo pomwe pulani sinanene, makamaka pafupi ndi nsonga. Ngati mukufuna kusintha kanthu bwererani kwa injiniya yemwe anajambula awerengerenso kaye, kenako mukadziwitse a khonsolo amene anavomereza pulaniyo.