Momwe mungadziwire ngati batala wasakanizidwa ndi mafuta ena

Mafuta a mkaka ndi okwera mtengo, n'chifukwa chake anthu achinyengo amathiramo a mtedza, a kokonati kapena a nyama mu batala ndi ghee (batala wosungunula wochotsedwa madzi). Njira ya Gerber imangokuuzani kuchuluka kwa mafuta, osati mtundu wake. Pofuna kuwagwira, mu labotale chitani izi.

Yambani ndi kusungunula batalayo pa 50°C mpaka madzi akhale pansi, kenako sefani mafuta apamwambawo papepala louma. Akaoneka a chifunga, sefaninso, chifukwa kadontho ka madzi kamasokoneza zonse.

Mukatero donthezani mafutawo pa galasi la butyro-refractometer, chipangizo choyeza momwe kuwala kumapindikira m'mafuta, pa 40°C. A mkaka amawerenga pakati pa 40 ndi 44. A mtedza amapitirira 50, pomwe a kokonati amatsikira cha m'ma 35. Musathamangire kulemba lipoti apa, poti wochenjera amasakaniza awiriwa kuti nambala igwere pakati.

Chomwe ndimachikhulupirira kwambiri ndi njira ya Reichert-Meissl. Yezani magalamu 5 a mafuta, muwatenthetse ndi glycerol ndi sodium hydroxide mpaka asanduke sopo. Onjezani madzi ndi sulphuric acid wosungunula, n'kutcheza monga amatchezera kachasu mpaka mutolere 110 ml. Sefani, tengani 100 ml, thiranimo phenolphthalein, kenako muzidontheza sodium hydroxide wa 0.1 N mpaka madziwo ayambe kufiirira osabwereranso. Nambala ya Reichert-Meissl imachokera pa kuchuluka kwa sodium hydroxide yemwe mwadontheza. Apa mukusaka butyric acid ndi anzake, omwe ali ochuluka m'mafuta a mkaka koma m'mafuta a mbewu ndi ochepa kapena mulibe. Ku India, bungwe loona za chakudya la FSSAI limafuna kuti ghee afike pa 24. A kokonati amathera pa 6 mpaka 8, a mtedza safika n'komwe pa 1.

Mukakayikabe, fufuzani beta-sitosterol pa makina a chromatography: amachokera ku zomera, pomwe mkaka uli ndi cholesterol. Mafuta a nyama amazemba pamenepa, ndiye amafunika njira ya ISO 17678 yoona ma triglyceride.

Chenjerani ndi njira ina yoyezera yotchedwa Baudouin. Imafiiritsa asidi ikapeza mafuta a chitowe okha, omwe lamulo la ku India limakakamiza kuthira mu vanaspati (mafuta a zomera oumitsidwa ofanana ndi ghee). Ngati wachinyengo anathira a mpendadzuwa, siisintha mtundu.