Kaikidwe ka BIOS ya PS1 mu RetroArch magemu akamakana

Mwaika RetroArch, pulogalamu yoseweretsa magemu a makina akale ngati PlayStation 1 (PS1), pafoni kapena pakompyuta, mwatsegula Tekken 3 koma sikirini yangoti bii kenako yabwerera pa menyu? Musathamangire kudilita gemuyo, kawirikawiri vuto limakhala BIOS basi.

BIOS ndi kapulogalamu kamene kamakhala mu chip mkati mwa PlayStation yeniyeniyo, kaja kamaonetsa logo ya Sony mukangoyatsa. RetroArch sibwera nako poti ndi katundu wa Sony, ndiye njira yoyenera nkukopera kuchokera mu PlayStation yanu yomwe, zokatola pa masayiti achilendozi ine ayi, ma virus amabisala mommo.

Core (kapulogalamu ka mu RetroArch koyendetsa magemu a makina amtundu umodzi) ya Beetle PSX imagwiritsa ntchito fayilo ya BIOS yogwirizana ndi dera la gemuyo: scph5500.bin ya Japan, scph5501.bin ya America, scph5502.bin ya ku Ulaya. Iliyonse ndi 512 KB ndendende. Mukaona yanu ili ma MB mazanamazana si BIOS imeneyo, ndi gemu, paja nawo magemu a PS1 amathera ndi .bin.

Tsono apa mpomwe ambiri amasokonezeka. Lowani mu Settings, kenako Directory, muone pomwe palembedwa System/BIOS, foda yomwe yalozedwa pamenepoyo ndi momwe muponye fayiloyo, ikhale poyera osati mkati mwa kafoda kena, ndipo ngati ili mu zip yambani mwaitulutsa. Dzina lilembedwe ndi zilembo zazing'ono zokhazokha chifukwa pa Linux SCPH5501.BIN ndi scph5501.bin ndi mafayilo awiri osiyana, komanso a Windows samalani, iyo imabisa mathero a dzina ndiye munthu umangoti wakonza pomwe walemba scph5501.bin.bin. Pafoni za Android 11 kupita mtsogolo foda ya Android/data imavuta kulowamo, bola mupange foda yanuyanu mu Internal storage nkuilozera mu Directory muja.

Musangoganizira kuti zatheka, onani. Pangani Load Core, musankhe Beetle PSX, pitani ku Information kenako Core Information, mutsike pa Firmware. Pakalembedwa Present zili bhobho, pakalembedwa Missing ndiye kuti dzina kapena foda yalakwika.

Core ina ya PS1, PCSX ReARMed, imatha kuyenda yopanda BIOS koma magemu ena amachita makani, ndiye ikanibe. Amene zamainazi zawatopetsa ayese DuckStation, pulogalamu ina yapayokha yoseweretsa magemu a PS1, iyo imazindikira fayiloyo ndi zamkati mwake, dzina ilibe nalo ntchito.