Chithunzi chikakana kuoneka pa webusaiti yanu

Anzanga amene mwangoyamba kumene kukonza mawebusaiti, dziwani kuti chithunzi sichikhala m'kati mwa tsamba la HTML ayi. Tsambalo limangoloza kumene fayilo yake ili, ngati munthu wolozera mlendo njira. Mukalemba src="zithunzi/nyanja.jpg", ndiye kuti foda ya zithunziyo nayonso iyenera kupita pa seva, kompyuta yomwe imasunga webusaiti yanu pa intaneti. Mukaiiwala pa kompyuta yanu, obwera pa tsambalo azingoona kabokosi kopanda kanthu.

Chimene chinandisowetsa tulo ine ndi zilembo zikuluzikulu. Pa Windows zonse zinkaoneka bwinobwino, koma seva inali ya Linux (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta), ndipo kumeneko Nyanja.JPG ndi nyanja.jpg ndi mafayilo awiri osiyana. Chiyambireni tsiku limenelo, maina onse ndimawalemba ndi zilembo zing'onozing'ono, osasiya mpata pakati pa mawu.

Chonde, chithunzicho chichepetseni kaye musanachiike. Zimandimvetsa chisoni munthu akamataya data yake podikira chithunzi chimodzi chokha. Chojambula ndi foni chimatha kufika ma pixel (timadontho timene timapanga chithunzi) 4000 mulifupi, pomwe 1200 amakwana pa masamba ambiri. Chojambula ndi kamera chisungeni ngati fayilo ya mtundu wa JPEG kapena WebP, koma logo yomwe kumbuyo kwake kuyenera kukhala koonekera ngati galasi ikhale PNG.