Kusankha Mfuti Yotetezera Pakhomo ku Mangochi

Musanayang'ane mfuti, yambani mwapeza chilolezo. Lamulo la Firearms Act limaletsa kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi, ndipo pempho limadzera kupolisi. Mfuti zolowa mozemba kuchokera ku Mozambique cha ku Chiponde kapena Makanjira musazikhudze, ngakhale zitchipe bwanji. Mukapezeka nazo ndi ndende.

Pakhomo, shotigani (mfuti yaitali yomwaza timipira ta mtovu) ya 12 bore, womwe ndi muyezo wa kukula kwa mpope wake, ndiyo yosavuta kuphunzira. Ya mipope iwiri imatseguka moipinda pakati, mumaona ndi maso ngati muli chipolopolo. Koma imakankha phewa kwambiri, ndiye kwa munthu wochepa thupi ya 20 bore, ya mpope wocheperako, imakhala bwino. Pisito ya 9mm (kukula kwa chipolopolo chake) ndi yopepuka, inde, koma kulasa nayo pamalo usiku manja akunjenjemera kumafuna kuyeserera kawirikawiri. Chipolopolo chake chimaboola chitseko cha matabwa, zenera ngakhale malata, n'kukafika kuchipinda cha ana kapena kwa aneba. Onani kaye mmene zipinda zanu zakhalira.

Vuto lalikulu kuno kunyanja ndi chinyezi. Dzimbiri limayambira mkati mwa mpope momwe simuona. Mwezi uliwonse onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, pukutani mpope ndi kansalu, pakani mafuta a mfuti pang'ono chabe. Akachuluka amakoka mchenga ndi fumbi, mfuti n'kukana kulira. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kumata.

Mfutiyo isungeni yopanda chipolopolo m'bokosi lachitsulo lomangirira kukhoma ndi mabawuti, zipolopolo pena, kiyi ali ndi inu nokha. Chala chisakhale pa kachitsulo kowombera mpaka mutaona bwino nkhope ya amene ali pakhomoyo, chifukwa angakhale mwana wanu wochokera kokakoka usipa mbandakucha.