Kuteteza milu ya mchenga ya kugombe: muyambire apa

Mwafunsa kuti gulu lanu la mavolontiya liyambire pati poti mchenga wa kugombe ukungotha ndipo ena ayamba kale kumanga nyumba pamwamba pake. Choyamba musathamangire kudzala, pitani kaye kukhonsolo kapena kwa eni malowo mukatenge chilolezo cholembedwa, apo ayi akhoza kudzakugwetserani zonse.

Mukatero yendani gombe lonse mujambule mafoto, muone pomwe mphepo yaboola ndi pomwe anthu amadutsa, chifukwa kupondaponda ndi kumene kumapha udzu, udzu ukafa mchenga umangouluka basi. Tinjira tambirimbirito tsekani ndi zikhomo ndi chingwe, musiye njira imodzi kapena ziwiri, ngati ndalama zilipo yalanipo matabwa.

Kenako mpanda. Ukhale wa timatabwa kapena nthambi, wamipata pafupifupi theka, osati wotseka gwa, kuti mphepo izidutsa pang'onopang'ono nkusiya mchenga pompo. Muuike patali ndi pomwe mafunde amafika madzi akakwera.

Mchenga ukayamba kuunjikana ndiye dzalani udzu, koma wachilengedwe cha komweko chonde, ngati marram kumadera komwe umamera wokha, mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo ukakwiririka ndi mchenga ndi pomwe umakula bwino. Dzalani nthawi yachinyezi, motalikana pafupifupi theka la mita. Zomera zachilendo muzule.

Za omangawo, mapulani akatuluka lembani kalata yokana ngati gulu, mafoto aja muphatikizepo, ndipo kumisonkhano muzipita ambiri. Pakaomba mphepo yamkuntho bwererani mukakonze mpanda sabata yomweyo.