Mpunga Wotsala Unkasasa Usanafike kwa Osowa

Chakudya chophika chomwe tinkatenga m'malesitilanti madzulo chinkafika pamalo ogawira chitayamba kusasa, makamaka mpunga ndi nyemba. Vuto silinali kuchedwa kwa galimoto ayi, koma zidebe zakuya. Chakudya chotentha chikathiridwa m'chidebe chachikulu n'kuvundikira, pakati pake pamakhala pofunda kwa maola ambiri, chonsecho tizilombo timaswana msanga pa kutentha kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60. Mpunga ndiye woopsa zedi: tizilombo ta Bacillus cereus timasiyamo poizoni yemwe satha ngakhale muutenthetsenso.

Tsopano chakudya chimayalidwa m'mathireyi osapitirira masentimita 5 kuya, osavundikira mpaka nthunzi itachepa, kenako chilowe mufiriji pasanathe maola 2. Pathireyi iliyonse timamatapo kapepala kolemba tsiku, ola lomwe chinaphikidwa ndi zomwe zilimo, monga mtedza, mazira kapena mkaka, poti ena zimawadwalitsa. Ponyamula timaika m'mabokosi osunga kuzizira, madzi oundana pansi ndi pamwamba, ndipo wolandira amayeza kutentha asanasaine. Chikapitirira madigiri 5 osadziwika kuti chakhala choncho nthawi yotalika bwanji, timataya. Zotsala m'mbale za makasitomala ndiye sitilandira n'komwe.