Mabuleki a njinga akamakana kugwira: kuwakonza osaboola m'thumba

Njinga yosenza matumba awiri a mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano, kapena makala opita ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique, imalemera pafupifupi kawiri kuposa ikanyamula mwini wake yekha, pomwe malabala oti aimitse katundu yenseyo ndi aang'ono ngati chala. Mpake kuti pamtsetse ambiri amakhwekhwereza phazi pansi mpaka nsapato kutha. Komatu buleki yofooka kawirikawiri siyifuna zida zatsopano. Imafuna gudumu lowongoka, limu yoyera ndi waya woyenda mosakakamira. Yambani ndi zosalira ndalama, kusitolo mupite pomaliza.

Zida zake n'zochepa: sipanala ya 10, aleni kiyi ya 5, pulayasi, sikuludilaiva, kiyi ya masipoko, kachidutswa ka sandipepa, sopo ndi sanza yopanda mafuta.

Musanakhudze buleki, onani gudumu. Gadamikani njinga, gwirani tayala n'kuligwedeza cham'mbali. Likamachita gwedegwede ndiye kuti makoni (manati osongoka opanikiza mabeyaringi) a m'habu amasuka, ndipo amangidwe mpaka kugwedera kuthe koma gudumu lizizungulirabe lokha. Kenaka lizungulitseni, maso ali pa mpata wa pakati pa labala ndi limu. Mpatawo ukamakula ndi kuchepa kupitirira mamilimita 2, limu ndi yopindika. Apa m'pamene pamagona vuto la njinga zambiri: pofuna kuti limu yopindika isamakhule malabala, mwini njinga amawatalikitsa, ndiye akafinya chogwirira cha buleki chimafika pahandulo malabala asanagwire mwamphamvu. Kuwongola kwake n'kotere. Pamalo pomwe limu yapendekera kumanzere, mangani masipoko awiri kapena atatu ochokera kumanja kwa habu, ndipo masulani pang'ono a kumanzere oyandikana nawo. Musapotokole kanati ka sipoko kupitirira kota ya mzungulo nthawi imodzi; potokolani, zungulitsani, onaninso. Sipoko yoduka ibwezeretsedwe kaye, apo ayi mungotaya nthawi.

Tsopano limu. Oyilo wothira mopitirira pa tcheni kapena m'habu amayenderera m'masipoko n'kufika pomwe malabala amagwira, fumbi n'kumatirira pomwepo. Tsukani mbali zonse ziwiri ndi madzi a sopo, tsukuluzani, pukutani. Mizere yakuda ya labala yokanirira pa limu ya aluminiyamu ichotseni ndi sandipepa wosalala, mopepuka, kenaka pukutani ndi sipiriti. Palafini ndi dizilo ayi: zimachotsa litsiro koma zimasiya mafuta, ndipo buleki imaterera kuposa kale.

Malabala achotseni muwaone pankhope. Akamanyezimira ngati galasi ndiye kuti anapsa ndi kutentha, ndipo muwakhule pa sandipepa woyala pamalo osalala mpaka kunyezimirako kuthe. Timiyala ndi tizitsulo tolowa m'labala tizuleni ndi nsonga ya mpeni kapena singano, chifukwa n'timene timalira kuti kwee ndi kudya limu. Labala amene timizere take tatha, kapena wauma moti chikhadabo sichilowa, watha ntchito. Dzuwa la m'chigwa cha Zambezi limaumitsa labala ngakhale njinga isakuyenda. Apa ndiye pogula, ndipo m'masitolo a ku Tete kapena ku Ulónguè mukatchula dzina lake la Chipwitikizi loti calços de travão akumvani msanga. Tengani akalewo kuti mufananize, pakuti a buleki ya ndodo (yokoka ndi ndodo zachitsulo m'malo mwa waya), a kalipa (yomangidwa ndi bawuti imodzi pamwamba pa tayala) ndi a V-brake (ya mikono iwiri, umodzi mbali iliyonse ya gudumu) samangidwa mofanana. Posankha, dinikizani ndi chikhadabo: wolimba ngati pulasitiki musiyeni ngakhale atchipe. Alipo amene amasema malabala ku tayala lakale la galimoto. Kukufikitsani kunyumba angathe, koma m'matayala ambiri muli mawaya amene amakanda limu, ndipo limu ndi yodula kuposa malabala.

Pomanga labala pa kalipa kapena pa V-brake, nkhope yake yonse igone pa limu, m'mphepete mwake mwa pamwamba mutsike milimita imodzi kuchokera m'mphepete mwa limu. Akakwera kwambiri amadya tayala m'mbali mpaka chubu kuphulika. Akatsika, amadyeka mosiya mlomo umene umakola kunsi kwa limu, buleki n'kukana kubwerera. Nsonga yakutsogolo ya labala iyambe kugwira limu, yakumbuyo itsalire ndi theka la milimita kapena milimita imodzi. Njira yake yosavuta: pindani kapepala ka katoni yopyapyala, kaikeni pakati pa limu ndi nsonga yakumbuyo, finyani buleki, mangani nati muli chifinyire. Kulira kwa buleki kumathera pomwepa. Kukapitirira, ndipo foloko ikunjenjemera mukagwira buleki yakutsogolo, onani nati wa pakhosi pa foloko ndi bawuti yomangira buleki, china chake chamasuka.

Ngati labala ali m'kachitsulo kotseguka mbali imodzi, monga zimakhalira pa njinga zambiri zamtundu wakale, mbali yotseka iloze komwe limu ikupita. Mukatembenuza, limu imamusolola labalayo n'kumutaya pamsewu tsiku lomwe mwafinya kwambiri.

Waya ndi amene amaba mphamvu yambiri mwakachetechete. Masulani bawuti yomugwira, musololeni m'kapaipi kake. Wadzimbiri, wopindika kapena woti tinsambo tina taduka asinthidwe, chifukwa amadukiratu nthawi yomwe mukumufunitsitsa. Wabwino mupukuteni, mupake oyilo wopepuka pang'ono, mubwezere. Kapaipi kosweka kapena kopindika mwadzidzidzi kasinthidwenso, ndipo kadulidwe kotalika mongokwanira kuti handulo itembenuke mbali zonse: kakatalikitsa, buleki imamveka yofewa ngati siponji. Chenjerani posankha. Waya wa buleki ndi wa mamilimita 1.5 kapena 1.6 ndipo kapaipi kake ndi ka mamilimita 5. Wa magiya ndi wowonda, wa 1.1 kapena 1.2, m'kapaipi ka mamilimita 4. Kapaipi ka magiya sikapirira mphamvu ya buleki, kamang'ambika.

Pomanga waya, bwezerani mkati kanati kosinthira ka pachogwirira, kusiya mizungulo iwiri yokha. Panikizani malabala ku limu ndi dzanja, kokani waya ndi pulayasi, mubwezereni pang'ono, mangani. Mpata wa labala ndi limu ukhale milimita imodzi kapena awiri mbali iliyonse. Finyani mwamphamvu kakhumi kuti waya akhazikike, kenaka onani: chogwirira chisiye malo oti chala chilowe pakati pa icho ndi handulo. Labala mmodzi akamakhula limu mnzake ali kutali, pa V-brake pali kasikulu kunsi kwa mkono uliwonse. Mangani ka mbali yomwe ikukhulayo theka la mzungulo, onaninso. Pa kalipa masulani nati wakumbuyo, ikani buleki pakati, mangani.

Pali cholakwika china chofala pa njinga zolumikiza ndi zida za kaunjika. Chogwirira cha V-brake chimakoka waya wautali kuposa cha kalipa. Mukaika cha kalipa pa V-brake chimafika pahandulo msanga. Mukaika cha V-brake pa kalipa chimamveka cholimba bwino m'dzanja koma njinga siyiima. Zikatero kusintha malabala n'kutaya ndalama, sinthani chogwirira. Zogwirira za pulasitiki zomwe zimapindika mukafinya zisinthidwenso ndi zachitsulo, ngakhale zakale.

Njinga za ndodo, za matayala a mainchesi 28, zili ndi khalidwe lake. Malabala ake sapana limu m'mbali, amaikoka cham'kati, kufupi ndi masipoko, choncho chofunika kwambiri n'chakuti gudumu likhale lozungulira bwino, lopanda malo okwera ndi otsika. Limu yophwanyika ndi dzenje imachititsa buleki kugwira modumphadumpha. Kuti malabala ayandikire, masulani nati wa pomwe ndodo imalowa m'kapaipi, kwezani chitsulo chonyamula malabala mpaka atsale mamilimita 2 kapena 3, mangani. Tizitsulo totsogolera ta pafoloko tikhale pamsinkhu umodzi kuti malabala onse agwire limodzi. Buleki yakumbuyo imadutsa m'mfundo zingapo pansi pa felemu, ndipo mfundo iliyonse yogwedera imadyako kukoka kwanu. Mangani mabawuti ake, ikani washala pomwe padyeka, donthezani oyilo kadontho kamodzi pamfundo iliyonse, ndodo yopindika iwongoleni.

Chimene simungachikonze ndi sipanala ndi limu yachitsulo yonyezimira ikanyowa. M'dzinja la ku Angónia, kuyambira Disembala mpaka Malichi, labala amaterera pa limu yotere kwa mizungulo ingapo asanagwire. Yambani kufinya mopepuka mukadali patali kuti madzi achoke. Ngati njinga ndi ya waya ndipo ndalama yapezeka, gudumu la aluminiyamu liyambe kugulidwa lakutsogolo, chifukwa poima kulemera kumakankhikira kutsogolo ndipo buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Pogula lakale, yendetsani chala m'mbali mwa limu: ikalowa mkati ngati supuni ndiye kuti yadyeka, ndipo tsiku lina mphepo ya m'tayala idzaing'amba.

Pamitsetse italiitali yotsika kumapiri, kugwira buleki osasiya kumatenthetsa limu, malabala amafewa, chubu chimatha kuphulika kapena zigamba kumatuka. Gwirani mabuleki onse awiri mwamphamvu, liwiro litsike, siyani, gwiraninso. Imani pakati pa mtsetse muyandikize dzanja ku limu; ikatentha moti simungaikhudze, dikirani izizire. Katundu akapitirira msinkhu wa chishalo ndipo mtsetse ndi wa miyala, tsikani muyende nayo pansi, dzanja lili pa buleki.